Mphwanga, Usanagule Masheya a ASML

Mphwanga, mayi ako andiuza kuti ndalama zimene wakhala ukusunga chiyambire ntchito ku Johannesburg ukufuna kugulira masheya a ASML, kampani ya ku Netherlands yopanga makina opangira ma chip. Akuti unawauza kuti kampaniyo ilibe inzake padziko lonse, choncho munthu sangaluze. Mbali yoyamba ya mawu akowo ndi yoona. Yachiwiriyo ndi imene yandikhazika pansi kuti ndikulembere, chifukwa ndaona anthu ozindikira kuposa iwe ndi ine akulira ndi maganizo omwewo.

Ndiyambe ndi kukuvomereza, kuti usaganize kuti malume ako akungoopa zinthu zatsopano. Chip iliyonse, kaya ya m'foni mwako kaya ya m'makompyuta akuluakulu oyendetsa AI, imayamba ngati kambale kopyapyala ka silikoni. Pa kambaleko amajambulapo tinjira ta magetsi pogwiritsa ntchito kuwala, ndipo tinjirato tikamachepa, chip imakhala yamphamvu komanso yosadya magetsi ambiri. Tinjira tating'ono kwambiri timafuna kuwala kotchedwa EUV, kwa ma nanomita 13.5, kumene amachita kukupanga m'kati mwa makina momwemo. Mumadontha timadontho ta chitsulo chosungunuka cha tin, 50,000 pa sekondi imodzi. Kadontho kalikonse kamawombedwa ndi laser kawiri, koyamba kuti kaphwatalale, kachiwiri kuti kapse n'kutulutsa kuwalako. Ndiye kuwala kwake n'kovuta kukusunga: mpweya umakumeza, galasi wamba limakumezanso. N'chifukwa chake m'makinamo amachotsamo mpweya wonse, ndipo kuwalako kumayenda mochita kunjanja pa akalilole osalala modabwitsa amene amapangidwa ndi Zeiss ku Oberkochen, ku Germany. Laser imachokera ku Trumpf, ku Germany komweko. Luso la gwero la kuwalako linabwera ndi Cymer ya ku San Diego, imene ASML inagula mu 2013. Makina amodzi amalemera matani pafupifupi 180, ali ndi tizipangizo toposa 100,000, ndipo popita nawo kwa kasitomala amachita kuwaphwasula n'kuwakweza m'ndege zingapo za katundu. Mtengo wake umaposa madola 150 miliyoni. Amtundu watsopano, otchedwa High-NA, amene oyamba anapita kwa Intel ku Oregon kumapeto kwa 2023, amafika mayuro pafupifupi 350 miliyoni amodzi.

Palibe wina aliyense amene akugulitsa makina a EUV. Nikon ndi Canon a ku Japan, amene kale ndiwo ankalamulira msikawu, anatsalira m'mbuyo pa mpikisano umenewu. Ndipo kampaniyi inayamba monyozeka: mu 1984 Philips ndi ASM International anaikhazikitsa m'kashedi kodontha pafupi ndi maofesi a Philips ku Eindhoven. Lero likulu lake lili ku Veldhoven, ndipo mu 2024 inagulitsa katundu wa mayuro 28.3 biliyoni n'kupeza phindu la mayuro 7.6 biliyoni. Ine kampaniyi ndimailemekeza, ndipo sindikukuletsa kukhala ndi kagawo kake. Chimene ndikufuna umvetse n'chakuti kukhala wekha wogulitsa chinthu sikutanthauza kuti ogula azibwera mwezi ndi mwezi.

Tafunsa kaye: ndani amagula makina a mayuro mamiliyoni mazanamazana? Ukhoza kuwawerenga pa zala za dzanja limodzi. TSMC ya ku Taiwan, Samsung ndi SK Hynix za ku South Korea, Intel ndi Micron za ku America. Mmodzi mwa amenewa akangoimitsa kumanga fakitale, mabuku a ASML amagwedezeka. Taganiza za munthu wogulitsa zigayo kwathu kuja. Chaka cha njala anthu amagayitsabe, ngakhale ndi tindowa tochepa, ndipo mwini chigayo amapezabe kangachepe. Koma palibe mwini chigayo amene amagula chigayo chatsopano chaka chimenecho. Wogaya malonda ake atsika pang'ono, wogulitsa zigayo malonda ake aimiratu. Kukabwera zokolola zambiri, aliyense amafuna chigayo nthawi imodzi, amagula zambiri kuposa zofunika, kenako pamadutsanso nyengo yaitali popanda wogula. Makampani opanga makina a ma chip ali pa malo a wogulitsa zigayoyo. Anthu akachepetsa pang'ono kugula mafoni ndi makompyuta, opanga ma chip amadula kwambiri ndalama zomangira mafakitale, ndipo nkhonya yaikulu imagwera wopanga makina.

Izi si zongoganizira. Mu 2007 ASML inagulitsa katundu wa mayuro pafupifupi 3.8 biliyoni. Pofika 2009, chuma cha dziko lonse chitasokonekera, malonda anatsika kufika pa mayuro 1.6 biliyoni ndipo kampaniyo inaluza. Mu 2001 inaluzanso kwambiri, makampani a intaneti atagwa pa msika. Mwina unena kuti zimenezo n'zakale, EUV isanabwere. Chabwino, tiye tione zaposachedwa. Mu November 2021 sheya imodzi inali pamwamba pa mayuro 750. Pofika October 2022 inali itatsika pafupifupi ndi theka. Inakweranso mpaka kudutsa mayuro 1,000 mu July 2024. Pofika April 2025 inali itatsikanso pafupifupi ndi theka. Kawiri m'zaka zosakwana zinayi, mphwanga. Nthawi yonseyo kampani inali yomweyo, makina omwewo, opanda wopikisana nawo. Amene anagwira masheya ake osawataya anadzawaona akukweranso. Koma funso loti udzifunse ndi ili: ndalama zako zitatsika ndi theka, n'kukhala choncho chaka chathunthu, kodi ungathe kudikira? Usandiyankhe ndi mtima wa lero, pamene zonse zikukwera. Yankha poganizira tsiku limene lendi yakwana, kwanu akufuna ya feteleza mvula ili pafupi, ndipo foni ikukuonetsa manambala ofiira okhaokha.

Pali tsiku limodzi limene ndikufuna ulidziwe bwino, 15 October 2024. ASML inkayenera kutulutsa lipoti lake la miyezi itatu mawa lake, koma chifukwa cha vuto la makompyuta lipotilo linaoneka pa intaneti tsiku limodzi nthawi isanakwane, msika uli mkati. Malonda a miyezi itatuyo anali abwino ndithu, phindu linali labwino. Koma panali nambala imodzi: maoda atsopano anali a mayuro 2.6 biliyoni okha, pamene akatswiri a msika ankayembekezera oposa 5 biliyoni. Kampaniyo inatsitsanso malonda amene inkayembekezera mu 2025, kunena kuti adzakhala pakati pa mayuro 30 ndi 35 biliyoni. Madzulo a tsiku lomwelo sheya inali itagwa ndi pafupifupi 16 peresenti, kugwa kwakukulu kwa tsiku limodzi m'zaka zoposa 25. Munthu amene anali pa ntchito masana amenewo, foni ili m'thumba, anadzaona zonse zitatha kale.

Tsiku limeneli likuphunzitse mmene msika wa masheya umaganizira. Suyang'ana zimene kampani yapeza dzulo, umayang'ana zimene ukuganiza kuti ipeza chaka chamawa ndi zaka zotsatira. Nkhani yabwino imene iwe wamva, yoti ASML ilibe inzake, aliyense woyendetsa ndalama za penshoni ku London ndi ku New York anaidziwa kalekale, ndipo inalowa kale mu mtengo. Mu 2023 phindu la kampaniyi pa sheya imodzi linali pafupifupi mayuro 20. Amene anagula pa mayuro 1,000 mu July 2024 analipira kuchulukitsa phindulo ka 50. Pa mtengo wotero, kampani ikachita bwino sikokwanira. Imayenera kuchita bwino kuposa mmene anthu akuyembekezera, nthawi zonse, osaphonya. Ndiye usanagule, tenga mtengo wa tsikulo uugawe ndi phindu la pa sheya la chaka chathachi. Samu yake ndi ya ku pulayimale, koma achinyamata ambiri amene ndacheza nawo sanaichitepo, ngakhale amadziwa pamtima dzina la mtundu uliwonse wa makina a kampaniyo.

Chinanso chimene sungachione poyang'ana makina ndi ndale. ASML siigulitsa kwa aliyense amene ali ndi ndalama. Imagulitsa kwa amene boma la Netherlands lalola, ndipo boma limenelo limamvera kwambiri mawu ochokera ku Washington. Kuyambira 2019 makina a EUV saloledwa kupita ku China. Pa 7 October 2022 America inakhwimitsa malamulo otumizira zipangizo za ma chip ku China, zimene zinakhudza makampani a ku America opanga makina opangira ma chip, Applied Materials, Lam Research ndi KLA. Mu September 2023 Netherlands inayamba kufuna chilolezo ngakhale pa makina ena a mtundu wakale, a DUV, ndipo kumayambiriro kwa 2024 zilolezo zina zinalandidwa. Makampani a ku China ataona chitseko chikutsekeka anathamangira kugula makina amene anali ololedwabe, moti m'miyezi ina ya 2024 pafupifupi theka la makina onse amene ASML inagulitsa, powerengera ndalama, anapita ku China. Woona manambala okhawo akanati msika wa ku China ukukula. Zoona zake zinali zoti anthu ankagula lero zimene akanagula mawa. Onjezera apa nkhani ya Taiwan, kumene kuli kasitomala wamkulu koposa, ndi mkangano wake ndi China. Palibe lipoti la kampani limene lingakuuze tsiku limene nduna ina idzasaine pepala, kapena tsiku limene sitima zankhondo zidzasunthe.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ikundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ndikudziwa zimene anzako amachita pa mafoni. Kugula sheya ndi kutchova pa mtengo wa sheya ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale pa foni zimaoneka chimodzimodzi, ndi mizere yobiriwira ndi yofiira yomweyo. Ukagula sheya yeniyeni ndi ndalama zako, ikagwa ndi 16 peresenti umakhalabe nayo, ndipo ukhoza kudikira. Koma mapulogalamu ambiri a pafoni amakugulitsa chinthu chotchedwa CFD. Pamenepo sheya sunagule ayi. Wangopangana ndi kampani ya pulogalamuyo kuti mulipirane kusiyana kwa mtengo, ndipo amakulola kusewera ndi ndalama zambiri kuposa zimene waika, chimene amachitcha leverage. Tiyerekeze kuti waika marandi 20,000 ndipo akulola kuchulukitsa kasanu. Ndiye kuti ukusewera ndi 100,000. Tsiku ngati la 15 October lija, 16 peresenti ya 100,000 ndi 16,000. Pa 20,000 yako patsala 4,000, ndipo nthawi zambiri pulogalamuyo imakutsekera yokha mtengo usanafike n'komwe pansi. Sheya ikadzakweranso pakapita miyezi, iwe mulibemo. Komanso usiku uliwonse umene wasiya malondawo otsegula amakudula chiwongoladzanja.

Mu 2018 bungwe loyang'anira misika ya ndalama ku Ulaya, ESMA, linapeza kuti pakati pa 74 ndi 89 peresenti ya anthu wamba ochita malonda a CFD amaluza ndalama. N'chifukwa chake linalamula kuti pa sheya ya kampani imodzi asamachulukitse kuposa kasanu, komanso kuti makampaniwo azilemba poyera kuchuluka kwa makasitomala awo amene amaluza. Mapulogalamu ena olembetsedwa ku tizilumba takutali amalola kuchulukitsa kuposa apo. Ndinagwirapo ntchito ndi mnyamata wina wakhama, wosamwa mowa, amene anatenga ngongole ya pa malipiro kuti achite malonda amenewa pa masheya a ma chip. Kampani anaisankha bwino, ndipo zimene ankanena za tsogolo lake zinadzachitikadi. Koma mtengo unayamba watsika kaye usanakwere. Ndimakumbukira ali chiimire pakhonde la ofesi nthawi ya nkhomaliro, akusisita foni ndi chala mobwerezabwereza ngati nambala isintha, chakudya chake chikuzizira pa tebulo. Ngongoleyo anaibweza kwa nthawi yaitali, akudulidwa mwezi ndi mwezi pa ndalama zimene sanadyepo ngakhale tambala. Ndalama ya katapila, ya banki m'khonde, ya chipereganyu cha anzako, ya fizi ya mlongo wako, isayandikire n'komwe msika umenewu.

Za anthu ogulitsa ma signal pa WhatsApp ndi Telegram, ojambulitsa atatsamira galimoto, sinditaya nazo nthawi. Munthu wodziwadi kumene mtengo upite mawa sangakugulitse chinsinsicho pa marandi mazana awiri. Kampani iliyonse imene ukufuna kuisungitsa ndalama ku South Africa uyambe waifufuza m'kaundula wa FSCA, bungwe loyang'anira makampani a zachuma kumeneko, ndipo ufunse mosapita m'mbali ngati ukugula sheya yeniyeni yolembedwa m'dzina lako kapena CFD.

Ngati wamva zonsezi ndipo ukufunabe, nazi zimene ndingachite ndikanakhala pa msinkhu wakowo. Yamba wapatula ndalama zokwanira kukhalira miyezi ingapo ntchito itatha, uziike pamalo poti ukhoza kuzitenga msanga. Ndiwe mlendo m'dziko la eni, ndipo ntchito ya mlendo siichedwa kutha. Pa zotsalazo, gawo lalikulu lipite ku thumba la masheya a makampani ambirimbiri a m'mayiko osiyanasiyana, lija amati ETF, ndipo ASML itenge kagawo koti katatsika ndi theka ungagonebe tulo. Usadzinamize kuti wagawa ndalama zako pogula ASML, Applied Materials, Lam Research, KLA ndi Tokyo Electron. Onsewa amadya m'mbale imodzi, makasitomala awo ndi omwewo. Pa tsiku la October lija atatu a ku America aja anagwa limodzi ndi ASML, aliyense ndi oposa 10 peresenti, ngakhale lipoti silinali lawo. Ndipo usagule zonse tsiku limodzi. Gula pang'onopang'ono pa miyezi yambiri, kuti mtengo wa tsiku limodzi loipa usakhale mtengo wa ndalama zako zonse.

Usayembekezere kuti masheyawa azikudyetsa. Pa chaka cha 2024 kampaniyi inapereka mayuro 6.40 pa sheya iliyonse ngati gawo la phindu, kutanthauza pafupifupi yuro imodzi pa mayuro 100 alionse amene munthu anaika, ndipo boma la Netherlands limadulapo msonkho wa 15 peresenti ndalamayo isanakufike. Kumbukiranso kuti sheyayi imagulitsidwa m'mayuro ku Amsterdam ndi m'madola pa Nasdaq, pamene iwe umalandira marandi ndipo udindo wako wambiri uli m'makwacha. Nthawi zina izi zimakukomera: kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anali ndi chuma m'ndalama zakunja anatetezeka. Koma randi ikalimba, phindu lako limachepa ngakhale sheya isanasunthe, ndipo kusintha kulikonse kwa ndalama kuli ndi kamtengo kake kamene mabanki salengeza mokweza. Wogula ndi kugulitsa sabata iliyonse amalipira timitengo timeneti mobwerezabwereza mpaka phindu lonse kuthera m'njira.

Chinthu china chimene ndimachiona kuti n'chamtengo wapatali, ngakhale chimaoneka chachibwana: tenga pepala ulembe chifukwa chimene ukugulira, ndiponso zimene zingakuchititse kugulitsa. Kutsika kwa mtengo pakokha kusakhale pa mndandandawo. Zoyenera kulembapo ndi zinthu zokhudza malonda enieni. Kodi makasitomala akugula makina a High-NA, kapena akupeza njira yopitira patsogolo ndi akale? TSMC yanena poyera kuti siikufulumira kuwagwiritsa ntchito, ndipo mtengo ndi chimodzi mwa zifukwa zake. Kodi China, kudzera m'makampani ngati SMEE ya ku Shanghai, ikuyandikira kupanga makina akeake? Kodi njira ina ya Canon, yochita kudinda m'malo mojambula ndi kuwala, imene anaitulutsa mu 2023, ikupeza ogula enieni? Kodi ndalama zimene makampani akuluakulu akuthira mu AI zikupitirira? Mu January 2025 nkhani ya DeepSeek, kampani ya AI ya ku China, itangomveka, Nvidia, yopanga ma chip a AI, inagwa ndi pafupifupi 17 peresenti tsiku limodzi ndipo ASML inatsika nayo, chifukwa anthu anayamba kukayika ngati AI ikufunadi ma chip ochuluka chonchi. Tsiku ngati limenelo mtima umathamanga ndipo chala chimayabwa. Pepala lija ndi limene lingakukumbutse zimene unkaganiza mutu uli bwinobwino.

Uganizirenso za kutalika kwa nthawi imene kampaniyi imayendera. Ntchito ya EUV inayamba m'zaka za m'ma 1990, ndipo ambiri ankati siidzatheka. Mu 2012 ndalama zinafunika zochuluka moti Intel, TSMC ndi Samsung anagula 23 peresenti ya kampaniyo n'kuthiramo zina za kafukufuku kuti ntchito isaime. Ma chip opangidwa ndi EUV anayamba kutuluka ochuluka mu 2019. Ndi zaka zoposa 20 zimenezo, anthu akuthira ndalama asanaone phindu lake. Iwe ukagula sheya ya kampani yotere n'kumaiyang'ana ola lililonse, ukuyeza ndi wotchi chinthu chimene eni ake amachiyeza ndi zaka khumikhumi, ndipo udzatopa msanga iwo asanayambe n'komwe.

ASML imatulutsa malipoti ake kanayi pa chaka, mu January, April, July ndi October, ndipo aliyense akhoza kuwawerenga kwaulere pa intaneti. Usanaike randi ngakhale imodzi, werenga awiri otsatizana, wekha, osadalira wina wa pa YouTube kuti akufupikitsire. Uone kuchuluka kwa makina amene agulitsa ndi mayiko amene apita. Uone ndalama zimene amapeza pokonza ndi kukonzanso makina amene anagulitsa kale, chifukwa zimenezo sizigwa msanga ngati malonda a makina atsopano. Mu 2024 zinali pafupifupi mayuro 6.5 biliyoni. Uone zimene bwana wamkulu, Christophe Fouquet, amene analowa m'malo mwa Peter Wennink mu April 2024, akunena za chaka chamawa, kenako uyerekeze ndi zimene ananena miyezi itatu yapitayo. Mu July 2025 anangonena kuti sangatsimikize kuti malonda adzakula mu 2026, ndipo sheya inagwa ndi oposa 10 peresenti tsiku lomwelo. Ukamaliza lipoti lachiwirilo undiimbire Lamlungu madzulo, pepala lako lili m'manja, undiwerengere mtengo umene wapeza utaugawa ndi phindu, ndi ndalama zimene watsimikiza kuti sudzazifuna kwa zaka zisanu.